Chibangili Cholankhula cha Ababa

"Kachotseni kabokosi aka pakhoma langa ndisanakaphwanye!" anakuwa amayi, tsache lili m'mwamba.

"Amayi, ikani mtima pansi, mwina ndi batire chabe," ndinatero ndikuwagwira dzanja.

"Batire imasintha munthu lilime? Dzulo kamalankhula mawu a mwana wanga, lero kakulankhula za m'mphuno zoti ngakhale iwe wopita kusukulu sukuzimva. Ndiye uziti batire!"

Amuna anga anatuluka kuchipinda akumanga lamba. Iwo amayendetsa minibasi, ndipo monga madalaivala onse, palibe chomwe sadziwa pansi pano, kuyambira mpira mpaka matenda a nkhuku.

"Amayi, kumeneku ndiye kutukuka," anatero. "Kampani ya mlamu yakonza mabokosi onse nthawi imodzi ili kutsidya kwa nyanja konko, osagwira ndi dzanja lomwe. Inu simukuona kuti ndi zodabwitsa?"

"Ine ndikuona apongozi anu ali kunja kwa geti, sakudziwa kolowera. Zodabwitsa zanuzo ndi zimenezo?"

Tonse tinathamangira pawindo. Ababa anali ataima m'mbali mwa msewu, jekete lawo lakale lili paphewa, akuyang'anitsitsa chibangili chakuda cha pamkono pawo. Chibangilicho chimalankhula mawu a mzimayi wachilendo, osalala bwino, m'chilankhulo cha kunja. Ababa amachigwedeza pafupi ndi khutu monga ankachitira ndi wailesi yoti waya waduka m'kati.

Ababa anali wokonza mawailesi. Sitiroko itawagwira, thupi linachira koma mutu sunabwerere wonse. Amadzuka bwinobwino, kumwa tiyi, kenako kuvala jekete n'kunyamuka, ati akupita kushopu, shopu yoti inasanduka saluni kalekale. Ife tikawaletsa amatikalipira ngati ana. Munthu mmodzi yekha ndi amene amamumvera: mng'ono wanga, amene anakulira pansi pa tebulo lawo lantchito akutola timawaya mpaka dzina lake lenileni linaiwalika. Tonse timangoti Mawaya.

Mawaya ndiye anapanga kabokosi ndi chibangilicho, pa tebulo lomwelo, ndi zidutswa za mafoni akufa. Ababa akangodutsa geti, kabokosi ka pakhoma kankaliza belu loti ngakhale uli kubafa umalimva, ndipo kabokosiko ndi chibangili zinkanena ndi mawu a Mawaya kuti, "Ababa, bwererani kunyumba, ndikukudikirani." Ababa ankangoseka n'kutembenuka. Magetsi azime, mvula igwe, kanthuko kankagwira ntchito ndi kasola ka padenga. Anapangirako mabanja ena a m'dera lathu, mbiri inamveka, ndipo kunabwera anthu a kampani ina ya kunja, a nsapato zoyera, kudzajambula chilichonse mpaka chitini cha mafuta momwe ankasungiramo timisomali. Chaka chisanathe anali atatenga luso lija pamodzi ndi mwini wake.

Ndinatuluka kukawatenga ababa. Atandiona anabisa mkono kumbuyo.

"Ameneyu ndi ndani akulankhula padzanja langa?" anafunsa.

"Ndi mnzake wa Mawaya, ababa. Tiyeni m'nyumba."

"Mnzake? Nanga mwini wake wapita kuti osanditsanzika?"

Ndinangowagwira dzanja. Anabwera, koma akucheukacheuka.

Masana a tsiku lomwelo tinamuimbira Mawaya pa vidiyo. Anayankha ali m'chipinda choyera, kumbuyo kwake kuli windo lalikulu, kunja kuli mbuu ngati kukufuna kugwa mvula. Anali atavala juzi yaikulu yoti mukanakwana anthu awiri, ndipo masaya anali atalowa.

"Achemwali, ndikudziwa chomwe mwaimbira," anatero ndisanayambe n'komwe. "Ndinawauza kuti asiye mabokosi akale aja. Anandiyankha kuti onse ali pa kompyuta imodzi, sangasiyanitse."

"Ndiye bwezera mawu ako. Si iwe unapanga?"

"Ndinapanga ndine, koma si changanso. Ndinasaina. Pano ndikafuna kusintha ngakhale kamawu kamodzi, kayenera kudutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri, maloya, madokotala, ndi ena oti ntchito yawo sindikuidziwa mpaka lero."

"Nanga belu? Lero silinalire. Ababa anatuluka ife tili m'nyumba ngati zitsiru."

Mawaya anapukuta kumaso ndi dzanja la juzi. "Belu analichotsa. Kuno okalamba amakhala okhaokha, achemwali. Belu lingalirire ndani m'nyumba mopanda munthu? Ndiye kabokosi kamatumiza uthenga ku ofesi, a ku ofesiko n'kutumiza nesi."

"Ofesi yake iti? Ya kumeneko?"

"Ya kuno."

Ndinaseka kuseka koipa. "Ndiye kuti ababa akatuluka geti, amene azidziwa ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja, ine wosoka zovala pakhonde pompa ayi?"

Amuna anga analowetsa mutu pafoni, ndevu kudzaza chithunzi chonse. "Mlamu, osawamvera awa. Ife tikukunyadirani. Ku depoti ndimauza aliyense kuti kale azungu ankatitumizira zinthu zakutha, lero akugula nzeru zathu. Si choncho?"

"Ndi choncho ndithu, alamu," anayankha Mawaya, akumwetulira pang'ono. "Mainjiniya a kuno poyamba ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzakolopa. Chibangili chawo chinali chachikulu, chodula, ndipo magetsi akangophethira chimafa. Atatsegula changa anadabwa. Mmodzi anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti kupanga chinthu chosadya batire chonchi. Ndinati kwathu magetsi amabwera ngati mlendo, ndiye umaphunzira. Pano ena a iwo akuopa ntchito zawo, akuti zinthu zabwino zayamba kuchokera kumayiko omwe iwo ankawathandiza."

"Mwamva? Mwamva, mayi a ana?" anatero amuna anga akundigunyuza ndi chigongono. "Akuopa ife!"

Amayi nthawi yonseyi anali atakhala pampando, nkhope atalozetsa kukhoma, ati sakufuna kulankhula ndi munthu wogulitsa mawu ake. Koma makutu anali kuno. Anadzuka n'kundilanda foni.

"Iwe, ukudya koma?"

"Ndikudya, amayi."

"Ukunama. Khosi latalika. Tamvera, ine za mainjiniya sindizidziwa. Bambo ako anakufunsa lero m'mawa. Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni kuti ndikukonza. Ndikalankhula ndi abwana. Ndipatseni masabata angapo."

Masabata angapowo tinawamva kuwawa. Amuna anga anagula loko wamkulu n'kumangirira pageti. Tsiku loyamba ababa anafika pageti paja, kugwedeza, kugwedezanso, kenako anatembenuka n'kuwayang'ana amayi.

"Mayi, ndalakwa chiyani kuti munditsekere m'nyumba yomanga ndekha?"

Amayi analowa kukhitchini, ndipo ndinawamva akutsuka mbale zotsuka kale. Ine ndinasamutsa makina anga osokera kuwaika pakona ya khonde poonekera geti. Diso limodzi pa singano, lina pa ababa. Sabata imeneyo ndinasokera mayi wina wa kwaya mkono wa bulauzi chagada, ndipo anandilalatira mpaka oyandikana nafe kutuluka.

Loko anali ndi vuto lake. Pakhomo pa telala sipatha anthu. Uyu wabwera kudzayesa diresi, uyu kudzatenga yunifolomu ya mwana, uyu wangobwera ndi miseche. Aliyense ndimudzukire, ndimutsegulire, ndimutsekere. Ndinayesa kujambula mawu a Mawaya pafoni yanga kuti ndiziwaseweretsa ababa akafika pageti. Anamvetsera, kenako anayang'ana foni, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe usandipusitse. Mawu a mwana wanga amatuluka apa," anatero akuloza pamkono. Mutu unali utasokonekera, koma khutu la wokonza mawailesi linali likadali lakuthwa.

Tsiku lina masana ndinaona kuti pabwalo pali zii. Ndinathamangira kuseri, ndipo ndinawapeza m'kachipinda kawo kakale kantchito. Anali atakhala pa tebulo lija, magalasi ali pamphuno, nyale yaing'ono itayatsidwa ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Chibangili anali atachivula n'kuchitsegula ndi kasikuludiraiva, timisomali atatindandalika bwinobwino pa chivindikiro cha chitini. Manja omwe amalephera kumanga mabatani a malaya apa sankanjenjemera n'komwe.

"Ababa, mukutani?"

"Siteshoni yasuntha," anatero osadzutsa mutu. "Yalowa ya eni. Ndikufuna pokhonyolera kuti ndibwezere ya mwana uja, koma sindikupaona. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha, angapange bwanji wailesi yopanda pokhonyolera?"

Ndinaima pakhomo paja. Ndinamusowa mng'ono wanga tsiku limenelo kuposa masiku onse. Ndinasowa phokoso lake, kafungo ka waya wopsa komwe kankadzaza nyumba, ngakhale chizolowezi chake chonditengera sizasi yanga yodulira nsalu n'kukadulira malata. Ababa anabwezera timisomali tonse m'malo mwake, kuvalanso chibangili chija, n'kunena kuti ayesanso mawa.

Mawaya anaimba Loweruka lina m'mawa, amuna anga asanapite ku depoti. Nkhope yake inandiuza yankho asanatsegule pakamwa.

"Abwana andilandira bwino," anayamba. "Ndi munthu wabwino, achemwali, mpaka anagwetsa misozi nditamuuza za ababa."

"Misozi yakeyo ibwezera mawu?"

"Akuti zilankhulo amaziika motsatana ndi kuchuluka kwa ogula. Chathu chili pamndandanda, koma kumunsi. Akuti kwathu msika sunakhwime."

"Msika sunakhwime? Chinthu chinabadwira kuseri kwa nyumba ino, pa tebulo la ababa, woyamba kuchivala ndi ababa, lero akuti ife sitinakhwime?"

"Ndinanena zomwezo."

"Unanena motani? Monong'ona, manja uli kumbuyo?"

"Achemwali, musandilankhule choncho."

"Ndikulankhula choncho! Iwe uli uko ukusamala makolo a eni, ako kuno tikuwatsekera ndi loko ngati mbuzi. Ndiuze, agogo a kumenekowo akavala chibangili chako amagona tulo tabwino eti?"

Ndinadziwa kuti ndabaya pachilonda, koma mkwiyo unali utandikwera. Mawaya atayamba kulankhula, mawu ake anali otsika.

"Kuli gogo wina kuno amene ndimakamuyesera zibangili zatsopano. Ana ake ali m'mizinda ina, amabwera mwa apo ndi apo. Ndikafika amandikonzera tiyi, amandigwira dzanja osafuna kulisiya. Sabata yatha anandifunsa kuti, kodi iwe bambo ako ali ndi ndani? Mukuganiza kuti ine sindilira? Ndinabwera kuno chifukwa ndinkaganiza kuti ndi fakitale yawo tipanga zambiri, zotchipa, zoti agogo onse a kwathu avale. Ndimadzuka kuli mdima, ndimaweruka kuli mdima, palibe amene amanditchula Mawaya. Nthawi zina ndimalankhula ndekha m'bafa kuti ndingomva chilankhulo chathu."

"Ndiye bwera," anatero amayi, omwe anali ataima kumbuyo kwanga. "Pakhomo pano sitinakuthamangitse."

"Ndikachoka pano nthawi isanakwane, amayi, sindiloledwa kupanganso chibangili china kwa zaka zingapo, ngakhale kwathu komweko. Ndikhala ndataya zonse."

Amuna anga anakhosomola. "Amayi, tisamupanikize mwana. Zinthu zazikulu zimafuna kupirira. Dziko lonse likuyang'ana kuno tsopano. Mawa ana athu sadzapitanso kunja, azunguwo ndi amene azidzabwera kudzapempha ntchito kuno."

"Mawa limenelo apongozi anu adzakhala alipo?" anafunsa amayi. "Inu mumanyamula anthu tsiku lililonse, bambo. Munaonapo minibasi yopita kutsidya kwa nyanja yobwerako ndi munthu? Amatenga manesi athu, tinakhala chete. Amatenga aphunzitsi, tinakhala chete. Lero afika potenga mawu a mwana m'khutu mwa bambo wake, inu mukuombera m'manja."

Amuna anga anatenga makiyi a minibasi n'kutuluka, osamaliza tiyi wawo, zomwe sizinachitikepo chikwatiranireni.

Tsoka linabwera Lachitatu la sabata yotsatira, dzuwa lili paliwombo. Kunabwera mkwatibwi kudzayesa diresi, ndi azakhali ake awiri, ndi anzake oti aliyense ali ndi maganizo ake pa kutalika kwa chovala cha eni. Tinalowa m'chipinda chochezera chifukwa mkwatibwi sangavulire pakhonde. Wina mwa anzakewo anatuluka kukagula mayunitsi, ndinamupatsa kiyi, ndipo pobwera anangokankha geti osakhoma. Amayi anali kuseri akuchapa. Ine ndinali nditagwada pansi, mapini ali kukamwa, pamene foni yanga inayamba kulira. Ndinaisiya. Inaliranso, ndinaisiyanso. Kachitatu mkwatibwi anati, "Yankhani, mwina ndi maliro."

Anali Mawaya, akupuma mothamanga.

"Achemwali, ababa atuluka! A ku ofesi andiuza tsopano lino, uthenga unafika kalekale koma amasowa kuti nyumba yake ili dziko liti. Ndikuwaona pa kompyuta. Adutsa kale pamsika, akulowera kumsewu waukulu!"

Mapini anagwa m'kamwa. Ndinatuluka opanda nsapato, tepi yoyezera ili m'khosi, amayi akundithamangira m'mbuyo manja ali thovu lokhalokha. Msewu waukulu umenewo ndi wa malole, ngakhale ife amaso awiri timawoloka tikupemphera. Ndinkathamanga foni ili kukhutu, mng'ono wanga ali kutsidya kwa nyanja akundiuza njira za m'dera lomwe ndinabadwira.

"Akhota pa sitolo ya matayala. Ayima. Ayi, akuyendanso. Achemwali, ali pakati pa msewu!"

"Usandiuze! Ndiuze akawoloka!"

Panadutsa kanthawi koti sindidzakaiwala. Ndinkangomva kupuma kwake.

"Awoloka," anatero. "Sakupita kushopu. Akulowa mu depoti."

Ndinawaimbira amuna anga. Mwamwayi anali pamzere kudikira kuti minibasi idzaze. Pomwe ine ndi amayi timafika, thukuta lili kamukamu, tinawapeza ataima chapatali pang'ono, chipewa chili m'manja. Anangotilozera ndi mutu.

Ababa anali ataima pomwe pamaima mabasi akuluakulu ochokera kutali. Jekete anali atalivala bwinobwino, mabatani atasemphana. Basi inali itangofika kumene, ndipo iwo anaima pakhomo pake penipeni, kuyang'ana nkhope ya aliyense wotsika. Akatsika mtsikana, ankasendera pafupi, kumuyang'anitsitsa, n'kubwerera m'mbuyo mwaulemu. Pamkono pawo mzimayi wachilendo uja ankangolankhula zake, palibe womumva.

"Ndayesa kuwatenga," ananong'ona amuna anga. "Akuti sachoka, akudikira mwana. Akuti mwina katundu amulemera." Anapukuta m'maso ndi chipewa chija, n'kunamizira fumbi la mu depoti.

Amayi anapita n'kuwagwira pamkono. "Bambo, tiyeni kunyumba. Dzuwa lakula."

"Pitani inu. Akatsika asapeze munthu, aziti kwawo anamuiwala."

Basi inatha anthu. Ababa anasuzumira m'kati, kenako anafunsa kondakitala ngati kukubwera ina. Anthu anayamba kutiunjirira, ogulitsa madzi, onyamula katundu, aliyense ndi langizo lake. Ndinali nditamuimbiranso Mawaya, foni ili m'dzanja langa, iye akumva zonse.

"Achemwali," anatero, "ikani foni pamkono pawo, pamwamba pa chibangili. Kwezani mawu."

Ndinawagwira dzanja ababa, kuika foni pa chibangili paja n'kuiphimba ndi chikhatho changa. Mawaya anakonza kukhosi, n'kulankhula monga analankhulira tsiku lomwe ankajambula mawu aja kuseri kwa nyumba yathu.

"Ababa, bwererani kunyumba, ndikukudikirani."

Nkhope ya ababa inawala. Anakweza mkono pafupi ndi khutu, dzanja langa likutsatira.

"Yabwerera siteshoni," anatero akuwayang'ana amayi mwachimwemwe. Ndinaganiza kuti atembenuka monga kale, ndipo ndinayamba kale kuwakokera kunjira. Koma sanasunthe. Anaima, nsidze zitakumana, ngati munthu amene akumvetsera kulira kwa wailesi kuti adziwe pomwe pafa.

"Iwe Mawaya," anatero.

"Ababa?"

Chibangili sichinkayankha chikafunsidwa, koma iwo sanadabwe n'komwe.

"Ukuti ukundidikira kunyumba. Ine kunyumbako ndachokako posachedwapa. Ndayang'ana kuchipinda kwako, ndayang'ana pansi pa tebulo. Kulibeko iwe. Tsiku lililonse umandiuza kuti ukundidikira, ndimabwerera, sindikupeza. Ndimangokhala chete kuti mwina wapita kogula waya."

Amayi anaphimba kukamwa ndi dzanja.

"Uli kuti, mwana wanga?"

"Ndili kutali, ababa. Kuntchito."

"Kumeneko kuli ndani wako?"

"Kulibe, ababa."

Ababa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anachotsa dzanja langa, n'kuyamba kumasula chibangili chija. Zala zinavutika ndi kachingwe kake, koma palibe amene analimba mtima kuwathandiza. Atachivula anachipukuta pa jekete n'kuchiika m'manja mwa amuna anga.

"Inu a dalaivala, mumadziwa misewu. Kamupatseni avale iyeyo. Ine kwathu ndikukudziwa, wasochera ndi mwanayu." Kenako anaweramira pafoni yomwe inali m'dzanja langa, n'kukweza mawu monga amachitira anthu akale polankhula ndi munthu wakutali. "Wamva, Mawaya? Bwerera kunyumba. Ndikukudikira."

Kulira komwe kunatuluka mufoni muja kunali kwa kamwana kaja kotola timawaya, osati kwa injiniya woopsa azungu. Onyamula katundu anayang'ana kumbali. Ababa anakonza kolala ya jekete, kuwagwira amayi dzanja, n'kuyamba kuyenda okha kulowera kunyumba, ife tikutsatira m'mbuyo.

Madzulo a tsikulo amuna anga anachotsa loko pageti osauzidwa ndi munthu. Kabokosi amayi anakatsitsa pakhoma n'kukaika m'kabati, pamodzi ndi mbale za alendo. Mawaya anapempha tchuthi, ndipo abwana ake abwino aja anamuuza kuti aganizira nyengo yozizira ikatha, chifukwa ino ndi nthawi yomwe okalamba a kumeneko amagwa kwambiri. Mawaya akuti akuganiza zongosiya zonse. Tsiku lina amatero, tsiku lina amati apirire pang'ono, ndipo ine ndinasiya kumufunsa.

Ababa sanayesenso kupita kushopu. Akamwa tiyi amavala jekete, kunyamula mpando wawo n'kukauika pageti, chakumkati, maso ali kunjira. Geti limakhala lotsegula. Ndikawauza kuti alowe dzuwa lawotcha, amandiyankha osatembenuka.

"Ndinamuuza kuti ndikumudikira. Ine sindinganamize mwana."